Za Trypanosoma: majini amakopera onse, kusankha kumabwera pambuyo

Achimwene, mwafunsa kuti ngati Trypanosoma amakopera majini ambirimbiri pa RNA imodzi yaitali, ndiye amatha bwanji kupanga puloteni ina yochuluka, ina yochepa. Ena ayankha kuti ndi operon (gulu la majini okoperedwa ndi kulamulidwa pamodzi) ngati ya bakiteriya, koma ine apo ndikukana. Mu operon ya E. coli, ngati lac ija, majini amakhalira pamodzi chifukwa ntchito yawo ndi imodzi, ukatseka pa promoter, malo a pa DNA poyambira kukopera, watseka onse. Kwa Trypanosoma brucei, kachilombo ka kaodzera kamene kashembe amafalitsa, majini oyandikana nthawi zambiri sagwirizana ntchito n'komwe, angokhalirana pafupi basi.

Jinomu yake anaitulutsa mu 2005, pamodzi ndi ya Trypanosoma cruzi ndi Leishmania major. Ma chromosome akuluakulu alipo 11, majini pafupifupi 9,000, ndipo anandandalika onse kuyang'ana mbali imodzi, makumi angapo, pena kupitirira 100 pa mzere umodzi. RNA polymerase II, puloteni yokopera DNA kukhala RNA, amayambira pamene mizere iwiri yatembenuzirana msana, n'kumangoyenda osaima, kukopera yofunika ndi yosafunika yomwe. Promoter wa jini iliyonse payokha ngati m'maselo athu kulibe.

Ndiye pali nkhani yodula. Zili ngati telala ndi mpukutu umodzi wa nsalu, akudula chovala chilichonse n'kuchipinda kumutu ndi kumapeto. Kumutu amamatako kachidutswa ka ma nucleotide 39 kotchedwa spliced leader, ndipo kachidutswaka kamachokera ku majini ake apadera amene ali ndi makope ambiri, osati pa RNA yaitali ija, n'chifukwa chake amati trans-splicing. Makina odulira amasaka pamene pachuluka U ndi C motsatizana, kutsogolo pang'ono akapeza AG, amadula pompo n'kulumikiza spliced leader. Chosangalatsa n'chakuti malo omwewo ndi amene amalozanso poika mchira wa poly A wa jini yakumbuyo, ndiye ntchito ziwirizi zimayendera limodzi, ukasokoneza imodzi inayo yasokonekeranso. mRNA (RNA yonyamula uthenga wopangira puloteni) iliyonse ya mu nucleus ya kachilomboka imayamba ndi zilembo 39 zomwezo, pamutu pake pali chipewa chokhala ndi ma methyl ambiri chimene amati cap 4. Ma intron wamba aja tinavutika nawo kuloweza, zidutswa za m'kati mwa jini zimene zimadulidwa n'kuchotsedwa pa RNA, kuno alipo m'majini awiri okha odziwika, ya poly A polymerase ndi ya RNA helicase ina.

Tsopano yankho lenileni la funso lanu. Poti pokopera sasankha, kusankha kumachitika RNA itadulidwa kale. Chigawo cha kumapeto kwa mRNA chimene sichipanga puloteni, 3' UTR, ndi chimene chili ndi mphamvu. Pali mapuloteni ambiri omata pa RNA, ena akamata pamenepo mRNA imakhalitsa ndipo ma ribosome amaiwerenga mobwerezabwereza, ena akamata imaphwanyidwa m'mphindi zochepa. Majini awiri oyandikana, okoperedwa nthawi imodzi ndi polymerase mmodzi, amatha kusiyana kutalitali pa kuchuluka kwa puloteni chifukwa cha zimenezi. Mukaona ngati ndikukokomeza, mu 2012 gulu la a Christian Tschudi ku Yale linangochulukitsa puloteni imodzi yomata pa RNA, RBP6, m'tizilombo ta mtundu wa m'matumbo a kashembe toweteredwa mu labu, tizilomboto n'kusintha mpaka kufika pa mtundu wa metacyclic, uja wotha kudwalitsa. Puloteni imodzi yokha! Njira ina ndi yachidule, akafuna puloteni yambiri amangokhala ndi makope ambiri a jiniyo, mwachitsanzo alpha ndi beta tubulin abwerezedwa mosinthana kambirimbiri pa chromosome 1. Kunena zoona n'kuwononga mphamvu, kukopera zinthu zoti uziphwanyanso, koma kachilomboka kakhala nazo choncho ndipo kakutivutabe.

Musaiwale VSG (variant surface glycoprotein), puloteni yokuta kunja kwa kachilomboka, apa malamulo asintha. Kachilomboka kakakhala m'magazi kamavala chikhoto cha mamolekyu a VSG pafupifupi 10 miliyoni, ndipo jini yake imakoperedwa ndi RNA polymerase I, amene m'maselo athu amangopanga RNA ya ma ribosome. Majini a VSG, athunthu ndi oduka omwe, alipo cha m'ma 2,000, malo owawerengera kumapeto kwa ma chromosome alipo pafupifupi 15, koma amodzi okha ndi amene amayaka pa nthawi. Chitetezo cha thupi chikazindikira chikhoto ichi, ena asintha kale avala china, n'chifukwa chake katemera wavuta. Apa ndiye mungati pali kusankha pokopera.

Pa mayeso anthu ambiri amasakaniza trans-splicing ndi RNA editing, chonde ndi zinthu ziwiri. Editing imachitikira mu mitochondrion, pa majini a kinetoplast, DNA ya mu mitochondrion ya tizilomboti. Rob Benne ndi anzake ku Amsterdam ndi amene anaipeza mu 1986, ataona ma U anayi mu mRNA ya cox2 amene mu DNA munalibe. Tima guide RNA, tambiri tochokera pa ma minicircle, timphete tating'ono ta DNA ya kinetoplast, ndi timene timalozera powonjezera kapena pochotsa U, ndipo pa cox3 ya T. brucei zilembo zoposa theka zimachita kuwonjezeredwa chonchi, moti ukayang'ana DNA yokha sungaizindikire jiniyo.

Mankhwala a acoziborole amene DNDi, bungwe lofufuza mankhwala a matenda onyalanyazidwa, yakhala ikuyesa pa kaodzera wa mtundu wa gambiense, akumwa kamodzi kokha, amagwira CPSF3, puloteni yodula RNA poika mchira uja, ndiye mukuona chifukwa chake anthu amalimbikira kufufuza zoterezi.

Kungoti polemba assignment musati tizilombo tonse ta selo imodzi timatero. Plasmodium wa malungo amakopera jini payokhapayokha, ma intron ali nawo ambiri, ali ndi ma transcription factor (mapuloteni osankha jini yoti ikoperedwe) a ApiAP2, ndipo spliced leader alibe. Zimene ndafotokozazi ndi za banja la kinetoplastid, T. brucei, T. cruzi ndi Leishmania, kupatula za VSG zimene T. cruzi ndi Leishmania alibe.