Amayi a ku Ntcheu, nkhani ya madzi a m'maiwe yandikumbutsa mayi anga

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu. Dimba lawo lili kumunsi kwa sukulu yogonera konko, ndipo madzi otuluka m'maiwe oyeretsera za m'chimbudzi amadutsa m'mbali mwa dimbalo. Chitsime chawo chimaphwa chilimwe chilichonse. Funso lawo: kodi angathirire ndiwo ndi madzi amenewo?

Amayi, imelo yanuyi ndinaiwerenga katatu, usiku umenewo tulo osabwera.

Ine ndinakulira kufupi ndi Bembeke. Mayi anga ankalima kabichi, mpiru ndi tomato, n'kumakagulitsa ku Lizulu. Kuseri kwa bafa lathu laudzu kunali nthochi zonenepa kuposa zonse pamudzi, poti madzi osambira ndi ochapira ankathera pomwepo. Palibe ankaziona zachilendo, mkoko ukapsa anansi ankachita kudzapempha. Koma chaka china chitsime cha kudimba chinauma mu Okutobala, mayi n'kuyamba kutunga mumfuleni wochokera m'maiwe ngati anuwo. Mpaka pano ndimaiona keni yawo yomata ndi pulasitiki wosungunula, ndere zobiriwira zitakakamira m'miyendo mwawo. Kabichi anachita mitu yoti kunyamula ndi manja awiri. Tsiku la msika wina anangoti, "Musagule, n'za m'chimbudzi izo." Basi. Madengu atatu anabwerera kunyumba, tinakadyetsa nkhumba za eni. Fizi yanga inachedwa teremu imeneyo, ndipo mayi sanapondenso pamsika mpaka mvula itagwa.

Munthu uja ndinamusungira chakukhosi zaka zambiri. Pano ndimaona kuti iye ankangonyansidwa, pomwe mayi nawonso sankadziwa ngati madziwo ayeradi. Panalibe wowauza.

Maiwe aja akakhala osamalidwa amagwiradi ntchito. M'dziwe loyamba zolemera zimadikha pansi. M'lachiwiri ndere ndi tizilombo tina timadya zonyansa zotsala. Lomaliza limakhala losaya kuti dzuwa liwombe mpaka pansi, ndipo tizilombo ta matenda timafera momwemo; mazira a njoka za m'mimba amamira m'matope. Zonsezi zimafuna masabata, osati masiku awiri. Chomwe chimatsala m'madzimo ndi naitrojeni ndi fosifolasi, zomwe zija timazigula modula m'thumba la feteleza. N'chifukwa chake kabichi wa mayi ananenepa choncho.

Ndiye ndinene mosabisa mawu: kumangotayira madzi otere mumtsinje uku ndiwo zikufota m'dimba ndi kuwononga. Ku Israel pafupifupi 90 peresenti ya madzi a m'zimbudzi amayeretsedwa n'kugwiritsidwanso ntchito, makamaka kuthirira minda. Ku Windhoek, ku Namibia, akhala akuwayeretsa mpaka kufika pomwa kuyambira 1968. Ife kuno damu la Mpira linauma mu 2018, anthu a ku Ntcheu ndi Balaka n'kuzunzika, koma tikadali pa "iii, zonyansa." Chonsecho tomato wothiriridwa ndi madzi a mumtsinje momwe anthu akuchapiramo matewera, ng'ombe zikupondamo, timagula osafunsa, ena kumudya wamuwisi pamsika pomwepo.

Musaganize kuti ndikupeputsa matenda. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, maliro ena tinakakhala nawo. Chimene chimandipweteka mtima ndi maiwe osiyidwa: adzaza matope, bango lamera pakati, madzi akungolowa uku n'kutulukira uko. Amenewo si madzi oyeretsedwa ayi, ndi chimbudzi choyenda, ndipo wovutika ndi mlimi wa kumunsi amene akuganiza kuti zonse zili bwino.

Tsono muchite chiyani?

Kaye pitani kusukuluko mukaone ndi maso. Ngati madzi akutuluka akuda, onunkha, asiyeni. Ngati akuchokera m'dziwe lomaliza, itanani alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, mupemphe kuti ayezedwe. Malangizo a 2006 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mazira a njoka za m'mimba asapose limodzi pa lita. Yambani ndi chimanga, nthochi ndi mitengo ya zipatso, kenako ndiwo zophika ngati mpiru. Tomato ndi kabichi zomwe anthu amadya zosaphika zidikire. Thirirani patsinde, osati pamasamba, ndipo lekani kuthirira masiku angapo musanathyole. Valani jombo, sambani m'manja ndi sopo, ana asaseweremo.

Mundilemberenso, amayi, mundiuze kuti maiwewo alipo angati, ndi mtundu wa madzi a m'dziwe lomalizalo.