Kalembera amawerenga anthu, nanga za denga ndi chimbudzi amafunsiranji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa jogalafe kusekondale. Mwachidule anati: "Ndapatsidwa lipoti la kalembera la chigawo china kuti ndiphunzitsire ana. Masamba oyamba akukamba za kuchuluka kwa anthu, zaka zawo, amuna ndi akazi, ndipo zimenezo ndikuzimva. Koma theka lonse la lipotili ndi za madenga, makoma, zipinda, zimbudzi ndi zophikira. Ana anandifunsa kuti zimenezi zikulowapo bwanji pa nkhani yowerenga anthu, ndipo yankho limene ndinawapatsa silinandifike pamtima ndi ine ndemwe. Kodi gawo la nyumbali ndingolidumpha?"

Aphunzitsi, zikomo pondilembera. Chonde musalidumphe. Ine ndikanati ndikakamizidwe kutaya gawo limodzi, ndikanavutika kwambiri kusankha, chifukwa masamba a anthu popanda masamba a nyumba amangokuuzani kuti anthu alipo angati, osakuuzani kuti akukhala motani.

Chifukwa choyamba n'chapafupi. Anthu sakhala malo amodzi, amayenda, koma nyumba siyenda. Wofuna kuwerenga anthu osadumpha wina kapena kulemba wina kawiri amayamba walemba nyumba zonse, kuzipatsa manambala, kenako n'kumagogoda khomo ndi khomo. Dziko la India limachita zimenezi poyera: pa kalembera wa 2011, ntchito yolemba nyumba inachitika mu 2010, ndipo anthu enieniwo, omwe anakwana 1.21 biliyoni, anawerengedwa mu February 2011. Bungwe la United Nations nalo limalimbikitsa mayiko kuchita kalembera wa anthu ndi wa nyumba pamodzi, kamodzi pa zaka 10 zilizonse. Koma chifukwa chimenechi n'chaching'ono. Chachikulu chagona pa liwu limodzi limene lili pakati pa magawo awiri a lipoti lanulo, liwu lakuti khomo, kapena kuti banja.

Pa kalembera, khomo si nyumba, ndipo si achibale onse ayi. Mayiko ambiri amati khomo ndi anthu okhala pamodzi amene amadya kuchokera mumphika umodzi. Anyamata atatu osakhala pachibale amene achita lendi chipinda chimodzi n'kumasonkherana chakudya ndi khomo limodzi. Mabanja awiri okhala pansi pa denga limodzi koma lililonse likuphika palokha ndi makomo awiri. Munthu wokhala yekha ndi khomo lathunthu. Ndiye pali zinthu zitatu zoti ana anu azizisiyanitsa: munthu, khomo ndi nyumba. Chimene chimasaka nyumba, kulumikiza madzi, kugula mbaula, si munthu payekha koma khomo.

Apatseni ana samu iyi. Zigawo ziwiri, chilichonse chili ndi anthu 10,000. M'chigawo choyamba khomo limakhala ndi anthu 8, ndiye chikufunika nyumba 1,250. M'chachiwiri khomo limakhala ndi anthu 2, ndiye chikufunika nyumba 5,000. Anthu ndi omwewo, koma nyumba zachuluka kanayi. Manambalawa sindinawatole m'mutu mwanga: ku Senegal khomo limakhala ndi anthu pafupifupi 8, pomwe ku Germany ndi ku Sweden ndi anthu pafupifupi 2. Amene angokonza mapulani poyang'ana chiwerengero cha anthu chokha adzamanga mipope yochepa kwina, kwinako n'kumanga tizipinda tosakwana banja.

Tsopano bwererani ku masamba amene mwati mukuwamva, a zaka za anthu. Pali chithunzi chimene chimasanja anthu malinga ndi msinkhu, makanda pansi, okalamba pamwamba, amuna mbali ina akazi mbali ina. Cha dziko la Niger chimaoneka ngati chulu, chotambalala pansi chosongoka kumwamba, chifukwa pafupifupi theka la anthu ake sanakwanitse zaka 15. Cha Japan chimaoneka ngati mtsuko, chopanikizika kumunsi, chifukwa anthu pafupifupi 29 pa 100 alionse ali ndi zaka 65 kapena kuposerapo.

Ine ndikaona chulu cha Niger sindiona ana okha. Ndimaona nyumba zimene sizinamangidwe. Mwana wa zaka 10 lero, pakapita zaka 15 adzakhala akufuna khomo lakelake, ndipo ana amenewa anabadwa kale, palibe ndondomeko ya boma imene ingawachepetse. Funso n'lakuti akadzafika pamsinkhuwo adzapeza malo oyezedwa bwino okhala ndi msewu ndi madzi, kapena adzangodzimangira paliponse pamene apeza mpata, m'mphepete mwa mtsinje kapena pamtsetse woti mvula ikachuluka umagumuka.

Japan ndiye imadabwitsa. Chiwerengero cha anthu kumeneko chinafika pachimake cha m'ma 2008, pa anthu pafupifupi 128 miliyoni, ndipo chakhala chikutsika. Munthu angaganize kuti makomo nawo anayamba kuchepa nthawi yomweyo, koma anapitiriza kuchuluka, chifukwa anthu ambiri akukhala okhaokha. Kalembera wa 2020 anapeza kuti makomo 38 pa 100 alionse ndi a munthu mmodzi. Pa nthawi yomweyo, kafukufuku wa nyumba wa 2023 anapeza nyumba pafupifupi 9 miliyoni zopanda anthu, zimene eni dzikolo amazitcha akiya. Zina mwa izo ndi zimene makolo anamwalira kapena kusamuka, ana ali kutauni, nyumba n'kumangowola. Dziko limodzi, kwina nyumba zikusowa anthu, kwina anthu akupanikizana m'tinyumba ting'onoting'ono ta m'mizinda ikuluikulu. Nkhani imeneyi simungaipeze pa tebulo la anthu lokha kapena la nyumba lokha. Imatulukira mukayika awiriwa pafupi.

Amuna ndi akazi nawonso ali ndi nkhani yawo ya nyumba. Ku Qatar amuna amaposa awiri pa mkazi mmodzi aliyense, chifukwa cha aganyu ochokera kumayiko ena, ndipo ambiri mwa iwo amagona m'nyumba zogonamo antchito ambiri, osati m'makomo a mabanja. Kumene amuna oterewa achokera, makomo ambiri amatsala m'manja mwa amayi ndi agogo.

Funso la zipinda ndi limene limandikhudza kwambiri. Ku England ndi Wales linayamba kufunsidwa pa kalembera wa 1891, makamaka kwa mabanja okhala m'zipinda zosakwana zisanu, chifukwa kuthithikana m'mizinda ya mafakitale kunali kutafika poipa. Masiku ano bungwe la UN-Habitat, nthambi ya United Nations yoona za malo okhala anthu, limati ngati anthu oposa atatu akugawana chipinda chimodzi, khomolo n'lothithikana. Taganizirani chipinda chimodzi usiku: bambo akutsokomola, mayi ndi khanda ali pafupi, ana atatu agona pansi moyang'anana miyendo, zenera n'lotseka chifukwa cha kuzizira kapena akuba. Ngati chifuwa cha bambowo ndi TB, mpweya umene akutulutsa onse akuupuma mpaka kucha. Mtsikana wa zaka 14 m'chipinda chimenecho alibe pobisala posintha zovala, ndipo mwana wasukulu alibe poika kope lake. Zonsezi zimabisala mu kanambala kamodzi kamene kamapezeka pogawa anthu a pakhomo ndi zipinda zogona. Kuthithikana ndi chimodzi mwa zinthu zisanu zimene bungweli limayang'ana pofuna kudziwa ngati anthu akukhala m'malo osayenera. Zinazo ndi madzi abwino, chimbudzi chabwino, nyumba yolimba ndiponso kukhala mosaopa kuthamangitsidwa pamalopo. Anthu oposa 1 biliyoni padziko lapansi amakhala m'malo otere.

Nanga denga, makoma ndi pansi? Apa pali nzeru ina. Mukafunsa munthu kuti amapeza ndalama zingati pamwezi, wina sadziwa chifukwa amadalira ulimi kapena maganyu, wina amachepetsa poopa msonkho, wina amakweza pochita manyazi. Koma denga silinama. Wolemba kalembera amangokweza maso n'kuona ngati ndi la udzu, la malata kapena la matailosi, n'kuyang'ana pansi ngati ndi padothi kapena pasimenti. N'chifukwa chake akatswiri amagwiritsa ntchito zinthu zimenezi poyerekeza kupeza bwino kwa makomo. Komanso zimakhudza thanzi mwachindunji. Ku Mexico, pulogalamu yotchedwa Piso Firme, imene inayambira m'chigawo cha Coahuila cha m'ma 2000, inkathira simenti m'nyumba za pansi padothi, ndipo ofufuza anapeza kuti njoka za m'mimba ndi kutsekula m'mimba zinachepa pakati pa ana aang'ono. Mwana wokwawa amaika dzanja pansi kenako kukamwa, basi nkhani yake ndi yomweyo.

Zophikira nazo si funso lachabe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 2 biliyoni amaphikabe ndi nkhuni, makala, ndowe ndi zina zotulutsa utsi, ndipo utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pachaka. Amene amaupuma kwambiri ndi amene amaphika ndi mwana amene ali naye pafupi, ndiye onaninso mmene tebulo la zophikira likukokerani ku tebulo la akazi ndi ana.

Ndimakonda kukumbutsa anthu za United States, chifukwa ambiri amaganiza kuti kumeneko zinthu zinali bwino chiyambire. Dzikolo linayamba kuwerenga anthu mu 1790, koma kalembera woyamba wa nyumba anachitika mu 1940, ndipo anapeza kuti nyumba pafupifupi 45 pa 100 zilizonse zinalibe madzi a m'mipope, bafa ndi chimbudzi chamadzi zonse pamodzi. Pofika 1990 zinatsala pafupifupi 1 pa 100. Kusintha kumeneku tikukudziwa chifukwa choti funso lomwelo linkafunsidwa zaka 10 zilizonse.

Komabe, aphunzitsi, musaphunzitse ana kukhulupirira tebulo ngati kuti linagwa kumwamba. Vuto lalikulu ndi avereji. Lipoti likanena kuti m'chigawo anthu amagona awiri pachipinda, mwina theka la makomo lili ndi zipinda zongokhala, theka lina likugona asanu asanu. Charles Booth, wofufuza za umphawi wa ku England, anaona zimenezi ku London: pa mapu ake a umphawi a 1889 anapaka msewu uliwonse mtundu wake, ndipo zinaoneka kuti misewu ya osaukitsitsa inali kuseri kwenikweni kwa misewu ya olemera. Choncho funani matebulo a madera ang'onoang'ono, kapena amene amalekanitsa mizinda ndi midzi, eni nyumba ndi alendi.

Ndipo pali ena amene salembedwa n'komwe. Wolemba afika pakhomo, afunsa kuti, "Usiku wa kalembera munagona angati muno?" Mayi awerenga pa zala, amuna awo, iwo eni, ana anayi, mlamu wawo. Wolemba atseka fomu n'kumapita. Khanda la miyezi iwiri lili kumsana, likugona, ndipo palibe walitchula. Izi zimachitika ngakhale kumayiko olemera: kalembera wa 2020 ku United States anaphonya ana osakwana zaka 5 pafupifupi 1 miliyoni. Ogona m'misewu, osamukasamuka ndi okhala m'zisakasa zosadziwika kuboma nawonso amaphonyeka mosavuta, chonsecho ndi amene akanafunika kuoneka kwambiri. Mukayang'anitsitsa tebulo la zaka m'mayiko amene anthu ambiri alibe zikalata za kubadwa, muonanso kuti a zaka 30, 35 ndi 40 achuluka modabwitsa kuposa a 29, 36 kapena 41. Sikuti m'zaka zimenezo munabadwa anthu ambiri, koma munthu wosadziwa bwino zaka zake amatchula nambala yothera ndi 0 kapena 5. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukalowa m'kalasi, lembani pabolodi manambala anayi kuchokera m'lipoti lanulo: anthu onse a m'chigawocho, makomo onse, ana osakwana zaka 15, ndi makomo amene ali ndi chipinda chogona chimodzi chokha. Ana agawe nambala yoyamba ndi yachiwiri kuti apeze kukula kwa khomo. Kenako afunseni kuti ana a pa nambala yachitatuwo akadzakula n'kukhala awiriawiri, padzafunika nyumba zingati zatsopano, ndipo zidzamangidwa kuti. Mudzandilemberenso kuti ayankha zotani, ndikufunitsitsa kumva.