Funsani Aphunzitsi: Akuti inflation yatsika, nanga sopo bwanji sakutsika?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa ana a sukulu amene akukonzekera mayeso, ndipo pafupifupi onse akufunsa za ndalama. Ndasankhapo atatu.

*Aphunzitsi, ndili mu Grade 12 ndipo ndimaphunzira Commerce. Pa wailesi akhala akunena kuti inflation yatsika. Koma amayi ali ndi kantemba kuno kwathu, ndipo ndine ndimawaperekeza kukaoda katundu m'tauni. Sopo, shuga, mafuta ophikira, palibe chimene chabwerera pa mtengo wa zaka ziwiri zapitazo. Amayi akuti tikungonamizidwa. Pa mayeso ndilembe ziti, za pa wailesi kapena zimene ndikuona ndi maso?*
Mtsikana wa ku Chawama

Mwananga, ulembe zonse ziwiri, chifukwa sizikutsutsana. Amayi ako akuona bwino, ndipo pa nkhani iyi a wailesi nawonso sakunama.

Inflation siyesa kudula kwa zinthu. Imayesa liwiro limene mitengo ikukwerera. Mwezi uliwonse a ZamStats, bungwe la boma la Zambia losonkhanitsa ziwerengero, amatuma anthu m'misika ndi m'masitolo m'zigawo zonse khumi za dziko lino kukalemba mitengo ya katundu yemweyemweyo: unga, kapenta, makala, lendi, ndalama yokwerera basi, mankhwala ndi zina zambirimbiri. Akatero amayerekeza ndi mitengo ya mwezi womwewo chaka chathacho. Mu Febuluwale 2025 anapeza 16.8 peresenti. Ndiye kuti katundu amene ankagulidwa K100 mu Febuluwale 2024 anali atafika pafupifupi K117. Pofika kumapeto kwa 2025 nambala ija inali itatsikira cha m'ma 11.

Tsopano tenga pensulo. Tiyerekeze kuti katundu wa K117 uja wakweranso chaka china ndi 11 peresenti. Wapeza zingati? Pafupifupi K130. Inflation yatsika kuchoka pa 17 kufika pa 11, koma K100 ija yasanduka K130. Basi yochoka pa Intercity kupita ku Chipata ikafika m'mapiri a kufupi ndi mlatho wa Luangwa imachepetsa liwiro, koma sibwerera ku Lusaka. Ukalemba mfundo imeneyi momveka, wochonga mayeso sangakumane mamakisi.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ngakhale Bank of Zambia, banki yaikulu ya dziko lino, sifuna kuti nambala ija ifike pa ziro. Cholinga chawo n'chakuti izikhala pakati pa 6 ndi 8 peresenti. Taganiza amayi ako ataoda katoni ya sopo lero, sabata yamawa mtengo n'kutsika, sabata inayo n'kutsikanso. Angaodenso? Angadikire kaye. Mwini holoselo nayenso angadikire, fakitale ingachepetse kupanga, kenako antchito n'kuuzidwa kuti akhale kunyumba. Mitengo yonse ikamatsika pamodzi kwa nthawi yaitali, ntchito zimatha.

Komabe mtengo wa chinthu chimodzi umatha kutsika ndithu, ndipo chitsanzo chili m'mbale yako ya nsima. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho ndi tsoka la dziko lonse. Chaka cha 2023 tinakolola chimanga choposa matani 3 miliyoni. Cha 2024 tinangopeza pafupifupi matani 1.5 miliyoni. Pakamwa pofuna kudya sipanachepe, chimene chinachepa ndi chimanga, choncho unga unakwera. Mabanja ambiri m'makomboni anasiya kugula thumba la 25kg n'kumadalira timapaketi tating'ono ta unga totchedwa pamela. Chilala chomwecho chinaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo poti magetsi athu ambiri amachokera m'madzi, malaiti ankatha pafupifupi tsiku lonse. Mwini chigayo akayatsa jenereta, ndalama ya dizilo amaiika pa unga. Wowotcherera zitsulo ku Kalingalinga amaiika pa geti, wa saluni amaiika pa mutu wako. Apa pali zifukwa ziwiri zosiyana zimene buku lako limatchula: katundu kuchepa pamsika, ndi kukwera kwa ndalama zopangira katunduyo. Mu 2024 zonse ziwiri zinatigwera nthawi imodzi.

Mvula itagwa bwino, zokolola za 2025 zinafika cha m'ma matani 3.7 miliyoni, ndipo unga unatsikako. Inu a ku Chawama munapumako. Koma ukafunsa abale ako a ku Katete kapena ku Petauke adzakuuza zina. FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga, inaika mtengo wa K340 pa thumba la 50kg, koma mlimi amene ankafuna ndalama msanga ankagulitsa kwa ogula oyendayenda pa mtengo wotsikirapo, chifukwa chimanga chinali paliponse. Mtengo womwe ukusangalatsa wogula unga ukuliza amene anagula feteleza modula.

Pali chinanso chimene amayi ako akunena zoona kuposa mmene akuganizira. Nambala ya ZamStats ndi ya dziko lonse, imaphatikiza banja la ku Kabulonga ndi la ku Chawama. Banja limene ndalama zake zambiri zimathera pa chakudya limamva kuwawa kwambiri chakudya chikakwera, kuposa mmene nambalayo ikusonyezera. Ndipo ngati phindu la pa kantemba silinakwere mofanana ndi mitengo, ndiye kuti mwasaukirapo, ngakhale inflation itatsika bwanji. Ine zimandinyansa kumva akuluakulu akulengeza nambalayi ngati kuti sopo watsika. Akanamafotokoza bwino, anthu sakanamaganiza kuti akupusitsidwa.

*Aphunzitsi, amalume amagulitsa zipangizo za mafoni ku Kamwala ndipo katundu wawo amachokera ku China. Kumayambiriro kwa 2025 dola imodzi inali cha m'ma K28, pakati pa chaka inatsikira cha m'ma K23. Ndani amaika mtengo umenewu, ndi Pulezidenti kapena banki? Nanga bwanji amalume sanatsitse mitengo?*
Mnyamata wa Grade 11, Matero

Palibe munthu amene amakhala muofesi m'mawa n'kulemba kuti lero dola ikhala zakuti. Kale, nthawi ya a Kaunda, boma linkaika mtengo. Kuyambira zaka zoyambirira za m'ma 1990, mu ulamuliro wa a Chiluba, Kwacha inasiyidwa kuti iziyendera msika. Dola ili ndi ogulitsa ndi ogula, ndipo ntchito yako ndi kudziwa kuti ndani ali mbali iti.

Ogulitsa aakulu ndi migodi. Pa madola khumi alionse amene Zambia imapeza pogulitsa katundu kunja, pafupifupi asanu ndi awiri amachokera ku mkuwa: Kansanshi ku Solwezi, Sentinel ku Kalumbila, Lumwana, Mopani ku Kitwe ndi ku Mufulira, KCM ku Chingola. Migodi imalipidwa m'madola, koma imafunika kulipira antchito, misonkho ndi anthu oiperekera katundu kuno kwathu, choncho madola ena amalowa m'dziko. Mtengo wa mkuwawo suikidwa kuno, umatsatira msika wa London Metal Exchange. Mafakitale a ku China akachepetsa kugula mkuwa, mphepo yake imafika mpaka pa shopu ya amalume ako.

Ogula madola ndi ambiri. Dizilo amene amabwera m'paipi ya TAZAMA, mtunda wa makilomita 1,710 kuchoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, amagulidwa ndi madola. Petulo, feteleza, mankhwala a m'zipatala, salaula, magalimoto a ku Japan, zonsezi ndi madola. Mu 2024 panawonjezekera chimanga chogula kunja ndi magetsi ogula kwa anansi athu monga Mozambique. Boma nalonso limafuna madola obwezera ngongole. Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa ngongole ya Eurobond, imene boma linatenga kwa obwereketsa akunja omwe si maboma, ndipo obwereketsa anatitaya chikhulupiriro. Mu Juni 2023 ku Paris boma lathu ndi obwereketsa anagwirizana zokonzanso kabwezedwe ka ngongole za madola 6.3 biliyoni zimene tinatenga ku maboma ena, makamaka China, ndipo mu 2024 eni Eurobond nawonso anavomera. Ngongole sizinakhululukidwe zonse ayi. Kwakukulu anatalikitsa nthawi yobwezera n'kuchepetsa chiwongoladzanja.

Ndiye ona zimene zinakumana mu 2025. Mkuwa unakwera mpaka kudutsa madola 10,000 pa tani. Chimanga sitinafunikenso kugula kunja. Nkhani ya ngongole inali itayamba kuoneka mutu wake. Madola olowa anachuluka, ofuna madola anachepako, Kwacha n'kulimba. Bank of Zambia imalowererapo ndithu: nthawi zina imagulitsa madola ake pamsika, ndipo mu Febuluwale 2025 inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 14.5 peresenti kuti kubwereka kudule, ndalama zoyendayenda zichepe. Imatha kukankha pang'ono, koma singalamule.

Za amalume akozo, usafulumire kuwatcha akuba. Machaja ndi makava amene ali pashelefu anawaoda dola ili K28. Akatsitsa lero aluza. Komanso wamalonda aliyense ku Kamwala anaonapo Kwacha ikulimba mwezi uno n'kugwanso mwezi wamawa, choncho amayamba wadikira. Amatsitsa tsiku limene mnzawo wa shopu yoyandikana nayo wabwera ndi katundu watsopano wotchipa n'kuyamba kuwalanda makasitomala. Kumene ogulitsa ali ambiri, zimenezi sizichedwa. Kumene wogulitsa ali mmodzi kapena awiri, ukhoza kudikira mpaka kutopa. Ngati ukufuna kuona mphamvu ya Kwacha msanga, tsatira chilengezo cha ERB, bungwe loika mitengo ya mafuta a galimoto, cha kumapeto kwa mwezi uliwonse: mitengo ya mafuta amaiwerengera pa dola ndi pa mtengo wa mafuta kunja, ndipo dizilo anatsika kangapo mu 2025.

Pa mayeso usaiwale amene amaluza Kwacha ikalimba. Agogo amene amalandira ndalama kuchokera kwa mwana wawo ku Johannesburg kapena ku London amapeza Kwacha yochepa pa ndalama yomweyo. Mlimi wogulitsa fodya kapena thonje pa mtengo wa dola nayenso amadandaula.

*Aphunzitsi, boma linatulutsa ndalama zatsopano, mpaka ya K500. Ngati ali ndi makina ake, bwanji osangosindikiza zambiri n'kugawira aliyense kuti umphawi uthe?*
Mnyamata wa Grade 9, Kanyama

Funso limeneli aliyense analifunsapo ali mwana, ndipo akulu ena akulifunsabe. Ndalama zimene zinatuluka pa 31 Malichi 2025, kuphatikizapo za K200 ndi K500, zinabwera kudzalowa m'malo mwa zakale. Sizinagawidwe kwaulere, unkazipeza posintha zakale kapena potapa zako ku banki. Ndipo kubwera kwa K500 kukusonyeza kuti K100 inali itachepa mphamvu, moti munthu wokaoda katundu ankanyamula mpukutu.

Bwerera ku chaka cha chilala. Chimanga chinali matani 1.5 miliyoni basi. Boma likanapatsa munthu aliyense K5,000 yosindikiza kumene, thumba la chimanga silikanawonjezeka ngakhale limodzi. Tonse tikanathamangira ku Soweto Market ndi ndalama m'manja kukalimbirana matumba omwewo, ndipo wogulitsa akanangokweza mtengo mpaka ndalama zija zitathera pomwepo. Amene akanapsa kwambiri ndi wa penshoni, ndi mayi wa m'chilimba amene akulandira kumapeto kwa chaka, chifukwa ndalama yawo ikanafika itafooka kale.

Anansi athu a ku Zimbabwe anayesa njira imeneyi. Mu 2008 mitengo inkasintha tsiku lomwelo, ndipo mu Januwale 2009 anatulutsa pepala limodzi la madola awo 100 thililiyoni. Posakhalitsa anasiya ndalama yawo n'kuyamba kugwiritsa ntchito ya ku America ndi ya ku South Africa. Mapepala aja masiku ano amagulitsidwa kwa alendo okaona Victoria Falls. Ifenso sitinapulumuke kwenikweni: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 inflation ya kuno inadutsa 100 peresenti, ndipo mu Januwale 2013 tinachotsa maziro atatu pa Kwacha, K50,000 n'kusanduka K50. Ufunse makolo ako, adzakuuza za nthawi imene buledi ankagulidwa ndi masauzande.

Ndalama zomangira sukulu yako ndi kulipira aphunzitsi ako zimachokera ku misonkho imene bungwe la boma la ZRA limatolera, ku ngongole, ndi pang'ono ku thandizo la maiko ena. Zonsezi zimalembedwa mu bajeti ya dziko. Ukadzamvera nduna ya zachuma ikuiwerenga ku Nyumba ya Malamulo, udzalembe kuti ndi ndalama zingati zikupita ku maphunziro ndi zingati zikupita kobweza ngongole, kenako udzandilemberenso.