Lupanga limene agogo anabwera nalo ku Burma

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina wa ku Zomba. Akuti agogo awo anali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda), ndipo pobwera ku nkhondo ya ku Burma anatenga lupanga limene lakhala m'sutikesi mpaka lero. Lilibe nsonga, kumapeto kwake n'kotambalala ngati analidula, ndipo chimake n'chotseguka mbali imodzi. Funso lawo n'lakuti: kodi linathyoka, nanga alikwechese kuti liwale?

Achimwene, lupangalo silinathyoke ayi. Mmene mwalifotokozeramu, likuoneka kuti ndi la Akachin, anthu a kumapiri a kumpoto kwa Myanmar, dziko limene agogo ankalidziwa kuti Burma. M'chilankhulo chawo cha Jinghpaw amalitcha nhtu. Amalisula choncho dala: lopyapyala pafupi ndi chigwiriro, lotambalala kumapeto, kuti kulemera kuzikhala kutsogolo monga chikwanje. Munthu ankadulira nsungwi, kuswera mphanje, kumangira nyumba, ndipo nkhondo ikabwera linali lomwelo. Mpaka pano amuna amavina atanyamula malupanga pa mwambo wawo wa Manau ku Myitkyina, mzinda waukulu wa dera lawo, mwezi wa January.

Ine ndikaona chithunzi cha lupanga, maso anga amathamangira pa chimake. Cha Akachin chimakhala thabwa limodzi logoba, chitsulo n'kumaonekera mbali inayo, chogwidwa ndi timalamba toluka ta rattan, chomera chofewa chimene amalukira mipando. Kawirikawiri pamakhalanso mkombero wokolekera paphewa. Dha, lupanga la Abama ndi Ashan, mitundu ina ya ku Myanmar, ndi yosiyana: chitsulo chake n'chopindika pang'ono, chigwiriro chobulungira komanso chachitali, nthawi zambiri chopanda chotchingira dzanja, ndipo chimake ndi matabwa awiri ophatikiza, omangidwa ndi rattan kapena siliva, ndi chingwe chokolekera. Zina zimakongoletsedwa ndi zithunzi za siliva zofotokoza nkhani za Chibuda. Zoterezi n'zambiri pamsika, ndipo zochuluka anazipangira alendo odzaona malo, choncho kukongola kokha kusakutengeni mtima.

Chimene chandichititsa chidwi m'kalata yanu ndi ulendo wa lupangali. Asilikali a ku Nyasaland anali m'gulu la 11th East African Division, limene mu 1944 linadutsa chigwa cha Kabaw m'nyengo yamvula kulowera ku mtsinje wa Chindwin. Kumeneko ndi kum'mwera chakumadzulo kwa dera la Akachin, pafupi ndi mapiri a Anaga ndi Achin. Koma malupanga ankayenda, pogulitsana ndi posinthana. Ngakhale Akachin eni ake ambiri ankagula kwa osula a mitundu ina, monga Aachang a ku Husa m'chigawo cha Yunnan ku China. Ndiye kudziwa mtundu wa lupanga sikutiuza kumene agogo analipeza. Ngati alipo wamkulu pabanjapo amene anamvako nkhaniyo, mufunseni tsopano, mulembe zimene anene, pepalalo lizikhala pamodzi ndi lupangalo.

Za kukwecha, chonde musayerekeze. Sandipepala ndi galayindala zawononga malupanga ambiri kuposa dzimbiri. Ena mwa malupanga a kumpotoku anawasula pophatikiza zitsulo zosiyana, ndipo mukayang'anitsitsa pamaoneka timizere topindika ngati chopanira tsitsi. Mukakwecha, timizereto tibisika, pamodzi ndi zipsera za ntchito imene lupangalo linagwira. Ingolipukutani ndi kansalu kofewa, mupake mafuta a makina osokera pang'ono pachitsulo pokha, n'kulisunga pouma. Rattan ikamasomphoka musaimate ndi guluu.

Onaninso kumutu kwa chigwiriro. Pakakhala choyera chofanana ndi fupa, ukhoza kukhala mnyanga wa njovu, ndipo kuugulitsa kapena kutuluka nawo m'dziko popanda chilolezo ndi mlandu waukulu.

Munditumizire zithunzi zitatu zojambulidwa panja masana: lupanga lonse litagona pambali pa rula, chigwiriro chapafupi, ndi chimake mbali zonse ziwiri.