Bambo atuluka m'chipatala, nanga madzi aja tiziwaona bwanji?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti bambo awo anagonekedwa atatupa miyendo ndiponso akubanika, madokotala n'kupeza kuti mtima wafooka, sukupopa magazi mokwanira. Pano ali kunyumba. Funso lawo n'lakuti: "Tiziyang'anira chiyani kuti asabwererenso pa bedi lija?"

Achemwali, muziyang'anira madzi. Mtima ukafooka, impso zimasunga mchere ndi madzi, ndiye madziwo amadzaza mwakachetechete, kuyambira m'mapazi mpaka m'mapapo. Maso amachedwa kuwaona, koma sikelo sichedwa. Bambo azikwera pa sikelo m'mawa uliwonse, atataya madzi koma asanadye, pa sikelo yomweyomweyo, inu n'kulemba m'kope. Akaonjezera makilogalamu oposa 2 m'masiku 3, musasangalale kuti ayamba kunenepa. Si nsima imeneyo. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, kope lija m'manja.

Sikelo palibe? Dinani chala pamwamba pa kakolo. Pakatsala kadzenje, madzi abwerera. Nsapato zikayamba kuthina, kapena bambo akamafuna mapilo atatu pomwe amagonera imodzi, uthenga ndi womwewo. Akabanika ali chikhalire, akamva kupweteka pachifuwa kapena akakomoka, musadikire kuti kuche.

Chimene chimandidandaulitsa kwambiri ndi mankhwala. Furosemide, uja ambiri amati Lasix, amakodzetsa, ndipo akuluakulu amadana naye chifukwa cha kudzukadzuka. Azimwa m'mawa, osati madzulo. Koma miyendo ikaphwa asati achira n'kusiya. Yaphwa chifukwa cha mapilitsi omwewo. Ndipo msana ukawapweteka musawagulire Brufen, Indocid kapena diclofenac pa okala, amenewa amasungitsa madzi m'thupi ndi kuvulaza impso. Funsani adokotala za Panado.

Mchere, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera zonse zimene wadya. Kambale ka mchere kachoke pa mphasa. Wina amabisala mu nsomba zoumitsa ndi mchere, mu timakyubu tokometsera ndiwo, ngakhale mu soda wothira m'therere. Bambo adzadandaula kuti ndiwo zikuzizira, ndikudziwa. Thiranimo tomato, anyezi ndi nsinjiro, ndipo banja lonse lidye zomwezo, asamaoneke ngati akulangidwa.

Tsiku lobwerera kukaonana ndi adokotala musaliphonye, ngakhale bambo atanena kuti akupeza bwino. Tengani mapaketi onse a mankhwala, ndi azitsamba omwe ngati akumwa.