Ndasankhidwa kukaphunzira za kompyuta, koma kusukulu kwathu kunalibe kompyuta

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Mulanje, chakufupi ndi Limbuli. Dzina lake latuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite ya sayansi ndi ukadaulo ya MUST, ku Ndata kuno ku Thyolo, kukaphunzira za makompyuta. Koma mtima wake uli m'mwamba. Walemba motere: "Kusukulu kwathu kunalibe kompyuta ngakhale imodzi, ine ndimangodziwa foni. Amalume akuti ndikukaphunzira kukonza mafoni ngati anyamata apamsika, amayi akuti ndidzakhala wotaipa makalata. Kodi maphunziro amenewa ndi a chiyani kwenikweni? Ndidzakwanitsa? Nanga ntchito yake ilipo?"

Achemwali, choyamba mwachita bwino kwambiri. Kuchoka pasukulu yopanda zipangizo mpaka dzina kutuluka, sizamasewera. Ndikuyankhani poyera chifukwa ndikudziwa kuti alipo ambiri amene funso lomweli likuwasowetsa tulo, ku Chitakale, ku Luchenza, ku Bvumbwe.

Ndiyambe ndi chinthu chimene mukuchidziwa kale. Nthawi yamvula tiyi akachuluka, othyola amandanda pasikelo ndi madengu awo, kalaliki ali ndi kaundula m'manja. Tiyerekeze kuti m'kaundulamo muli mayina 1,000 olembedwa chisawawa. Mayi wina watula dengu, watchula dzina. Kalaliki ayamba tsamba loyamba, chala chikutsika mzere ndi mzere, ndipo tsoka likamugwera aona mayina onse 1,000 asanalipeze. Anthu pamzere akunyowa.

Tsopano mayina omwewo alembedwe motsatira alifabeti. Kalaliki atsegula pakati penipeni. Dzina limene akufuna lili kutsogolo kapena kumbuyo? Ngati lili kumbuyo, theka lakutsogololo walitaya, sadzaliyang'ananso. Atsegulanso pakati pa theka lotsalalo, ataye theka lina, n'kumapita chomwecho. Tengani pepala muwerengere nokha: 1,000 itsika kufika 500, kenako 250, 125, ndipo pofika ulendo wa 10 dzina lapezeka. Mayina akanakhala 1,000,000, akanatsegula maulendo 20 okha. Njira imeneyi imatchedwa binary search, ndipo mudzakumana nayo m'zaka zoyambirira.

Sayansi ya makompyuta ndi imeneyo. Mwaona kuti sitinakhudze kompyuta? Tangoganiza ndondomeko ya masitepe omveka bwino othetsera vuto, n'kufunsa kuti njira yofulumira ndi iti. Ndondomeko yotereyi ndiyo amati aligorizimu, mawu ochokera ku dzina la al-Khwarizmi, katswiri wamasamu amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800. Katswiri wina wamasamu wa ku England, Alan Turing, analongosola zimene makina owerengera angathe ndi zimene sangathe mu 1936, kompyuta ngati zimene tikuzidziwa lerozi zisanapangidwe. Mayi wina wa ku England komweko, Ada Lovelace, anasindikiza ndondomeko yake mu 1843, yolembera makina amene sanamalizidwe n'komwe kupangidwa. Ndiye mukamati simunakhudzepo kompyuta, ine sindikuona kuti mwatsalira pa chinthu chenichenicho. Anzanu ochokera m'masukulu a m'tauni adzakuposani kutaipa ndi kutsegula mapulogalamu. Zimenezo muzigwira pa masabata ochepa. Pomwe aliyense adzatuluke thukuta ndi pa kuganiza mwadongosolo, ndipo apo nonse mukuyambira pamzere umodzi.

Chovuta chake n'chakuti kompyuta simva za m'maluwa. Mwana mukamutuma kuti akagule mchere, amadziwa yekha kuti atenge ndalama, apite pagolosale, abwerere ndi chenji. Kompyuta imachita chokhacho mwalemba, ndendende, ngakhale chikhale cholakwika. Mukaiwala kachizindikiro kamodzi, pulogalamu yonse ikana, n'kukulemberani uthenga wofiira wa m'Chingerezi. Ambiri amagwa mphwayi pamenepa, kuyesa kuti mutu wawo sugwira. Ayi ndithu. Werengani uthengawo pang'onopang'ono, nthawi zambiri umatchula ndi mzere umene pali vuto. Ife amene tili pantchitoyi, gawo lalikulu la tsiku limathera pa kusaka zolakwika zoterezi.

Koma kulakwitsa koopsa ndi kumene sikubweretsa uthenga wofiira. Nditangomaliza maphunziro ndinalembera gulu lina la alimi a tiyi kapulogalamu kowerengera makilogalamu ndi malipiro. Kanayenda bwinobwino, aliyense anayamikira. Patapita mwezi, agogo ena anabwera ndi kakope kakang'ono kothaitha, kokutidwa ndi pepala la pulasitiki, momwe mdzukulu wawo ankawalembera sikelo ya tsiku lililonse. Anati, "Mwanawe, ndalama yanga yaperewera." Anthu ena anafuna kuwabweza, amvekere makina salakwitsa. Tinakhala pansi kuwonkhetsa. Agogowo ankanena zoona. Ndinasunga kulemera kwa masamba ngati nambala yathunthu, ndiye 23.7 inkasanduka 23, ndipo tizidutswa totsalato tinkangosowa tsiku ndi tsiku. Kwa ine kanali kamzere kamodzi. Kwa iwo inali ndalama ya sopo ndi ndiwo. Tinakonza, onse okhudzidwa anabwezeredwa, ndipo kuyambira pamenepo sindipereka pulogalamu ndisanaiyese ndi manambala amene ndawerengera ndekha pamanja. Ntchito imeneyi imagwira matumba a anthu ndi zinsinsi zawo, ndipo ndimafuna wophunzira aliyense adziwe zimenezi asanalembe mzere wake woyamba.

Za m'kalasi, konzekerani masamu. Osati kungowonkhetsa ndi kuchotsera, komanso masamu a kulingalira, oti chakuti chikakhala choona ndiye kuti chakutinso n'choona. Musawanyoze, ndiwo msana wa zonse. Mudzaphunzira kulemba mapulogalamu m'chinenero chimodzi kapena ziwiri, monga Python, C kapena Java, kenako kusunga ndi kusanja deta, momwe makompyuta amalumikizirana pa netiweki, ndi momwe amatetezedwera kwa akuba. Pa MUST pali digiri ya Computer Systems and Security imene imatsindika kwambiri za chitetezozi. Mukadzafika pamenepo, dziwaninso kuti dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo kulowa m'kompyuta ya mwini popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale mutati mumangoyeserera.

Laputopu ndi yofunika, sindikunamizani. Koma musabwereke ngongole ya katapila chifukwa cha iyo. Yakale yomwe batire lake lili bwino ikwanira pa zaka zoyamba. Isanapezeke, labu ya pasukulu ikhale kwanu kwachiwiri, ndipo pa foni ya Android mungathe kuika pulogalamu ya Pydroid 3 n'kumalemba Python pomwepo. Mukapeza intaneti yapasukulu, yang'anani CS50, maphunziro oyambira a yunivesite ya Harvard amene amaonetsedwa mwaulere. Ndipo pezani anzanu awiri kapena atatu ophunzira nawo. Kufotokozera mnzanu pulogalamu yanu kumaulula pomwe simunamvetse. Koma kukopera ya mnzanu n'kudzinamiza nokha, chifukwa tsiku la mayeso muli nokha ndi pepala.

M'kalasimo mwina atsikana mudzakhala ochepa. Musalole kuti pa ntchito ya m'magulu anyamata azigwira kiyibodi, inu n'kumangopatsidwa zolemba malipoti. Khalani pampando, mulembe nokha. Rachel Sibande, amene anayambitsa mHub, malo othandiza achinyamata pa za ukadaulo ku Lilongwe, ndi mayi wa konkuno ku Malawi.

Ntchito ilipo, koma siibwera chifukwa cha pepala lokha. Nthawi iliyonse amayi anu akalandira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kuseri kwake kuli anthu amene analemba ndi kusamalira mapulogalamu ake. Mabanki amawafuna anthu otere. M'zipatala zambiri muli makompyuta ogwira pagalasi olembera odwala, ntchito imene Baobab Health inayambira pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Mu 2020 UNICEF inatsegula African Drone and Data Academy, sukulu yophunzitsa za tindege topanda woyendetsa ndi deta, muno m'Malawi, ndipo MUST ili nawo m'ntchitoyi. Ena amagwirira makampani akunja ali pakhomo pawo. Komabe omaliza maphunziro ndi ambiri, ochokera ku Zomba, ku MUBAS, ku Mzuzu, ndipo wolemba ntchito amafunsa funso limodzi: munapangapo chiyani? Choncho pofika chaka chachiwiri yambani kupanga tinthu tanu. Kapulogalamu ka banki m'khonde ya amayi anu, kolemba amene wasonkha ndi amene wabwereka. Kena kolemba mitengo ya nanazi pamsika. Musunge pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo mapulogalamu, kuti mudzathe kuonetsa.

Amalume auzeni mwaulemu kuti kukonza mafoni ndi luso labwino, koma inu mukukaphunzira kulemba zimene zimayendetsa foniyo mkati. Musanapite, chitani ichi: lembani papepala masitepe onse amene amayi anu amatsata pogawana ndalama ku banki m'khonde kumapeto kwa chaka, mosasiya ngakhale limodzi, mupatse mng'ono wanu awatsate ndendende osakufunsani kanthu. Pomwe akakamire, ndiye kuti mwadumpha sitepe. Munditumizire zimene mupeze, tidzazisandutse Python limodzi. Ndipo m'chikwama musaiwale juzi yokhuthala, chiperoni cha kuno mukuchidziwa.