Mtsikana akufuna kundipatsa mwana wake akangobadwa: kodi tingangogwirizana tokha?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe amene wapempha kuti ndisamutchule dzina. Iye ndi mwamuna wake akhala m'banja zaka 11 opanda mwana. Mtsikana wina wa kumudzi kwa mwamunayo ali ndi pakati, woyembekezera kubereka miyezi iwiri ikubwerayi, ndipo wanena kuti sangathe kulera. Makolo a mtsikanayo avomera kuti mwanayo akangobadwa apite kwa mayiwa. Funso lawo ndi loti: popeza onse agwirizana, kodi pakufunikanso bungwe kapena boma? Mnzawo wina wawauza kuti angopita limodzi kuchipatala ndi kulembetsa dzina lawo ngati mayi wobereka, nkhani n'kutha.

Amayi, ndiyambe ndi malangizo a mnzanuyo chifukwa ndi amene andidetsa nkhawa. Musachite zimenezo. Kulemba dzina lanu pa fomu ya kubadwa kwa mwana pamene simunamubereke ndi kunama pa zikalata za boma, ndipo ndi mlandu. Komanso chinsinsi chotere sichikhalitsa. Anamwino akuchidziwa, agogo a mwanayo akuchidziwa, mudzi wonse ukuchidziwa. Tsiku lina mudzayambana ndi munthu mmodzi pa nkhani ya munda kapena ya maliro, ndipo zonse zidzaululika mwanayo ali kale ku sekondale. Apolisi akamva kuti khanda lachoka m'manja mwa mayi wake kupita kwa munthu wina popanda pepala lililonse, choyamba chimene amaganiza ndi kuba kapena kugulitsa mwana. Lamulo la Trafficking in Persons Act la 2015 limapereka chilango cha zaka zofika 21 kundende kwa wopezeka wolakwa pa kuzembetsa mwana. Ndikudziwa kuti mtima wanu ndi woyera, koma mungafunike kukafotokozera zimenezo mutagona kale m'chitokosi.

Pa za bungwe, nkhani ndi yabwino. Kuno kwathu simukufunika bungwe loti likupezereni mwana ngati mmene amachitira kumaiko ena. Mayi wobereka angathe kusankha yekha munthu amene akufuna kuti alere mwana wake. Chimene simungachidumphe ndi ofesi ya Social Welfare ya kuboma kwanu ndi khoti. Lamulo loyendetsa nkhaniyi ndi Adoption of Children Act, lakale ndithu, la m'chaka cha 1949 m'nthawi ya atsamunda, ndipo limati munthu amakhala kholo la mwana amene sanamubereke pokhapokha khoti litagamula. Kalata ya amfumu, umboni wa abusa, kapena pepala limene mwasainirana kunyumba zingathandize kusonyeza kuti panalibe chinyengo, koma sizikupangitsani kukhala mayi wake pamaso pa lamulo.

Zofunika kwa inu si zambiri. Wopempha akhale wa zaka 25 kapena kuposerapo, ndipo apose mwanayo ndi zaka 21. Pa khanda, chachiwirichi chimakwanira chokha. Mwamuna ndi mkazi wake angathe kupempha limodzi, ndipo ndi zimene ndingakulangizeni. Mmodzi akapempha yekha, mnzakeyo ayenera kuvomereza. Mwamuna wopempha payekha sapatsidwa mwana wamkazi pokhapokha patakhala zifukwa zapadera. Wopempha akhalenso wokhala m'dziko muno. Mfundo imeneyi ndi imene inavutitsa Madonna, woimba wa ku America, mu 2009, pamene High Court inamukaniza kutenga mwana wa kuno, Mercy James, mu Epulo, kenako Supreme Court of Appeal n'kumulola mu Juni. Inu mukukhala ku Lilongwe, choncho sizikukukhudzani.

Pamene pali ntchito ndi pa chilolezo. M'kalata mwanu mwatchula mtsikanayo ndi makolo ake, koma simunatchule bambo wa mwanayo ngakhale kamodzi. Lamulo limafuna chilolezo cha kholo lililonse, cha womuyang'anira mwanayo, ndi cha aliyense amene ali ndi udindo womusamalira. Mnyamata amene lero akukana mimba ndi yemweyo amene angadzabwere ndi amalume ake patapita zaka zisanu akuti mwana wathu munamutenga bwanji. Khoti lingathe kupitiriza popanda chilolezo chake ngati wamutaya mwanayo, sakupezeka, kapena wakana kumusamalira, koma wogamula zimenezo ndi woweruza ataona umboni. Choncho mufufuzeni tsopano, ndipo zonse zimene anganene zikafike kwa a Social Welfare.

Simunandiuzenso zaka za mtsikanayo. Ngati sanakwane 18, iyeyo ndi mwana malinga ndi Malamulo Aakulu a dziko lino monga anasinthidwira mu 2017, ndipo yembekezani kuti afunsidwa kwambiri ngati maganizowo ndi ake kapena akungokankhidwa ndi akuluakulu ochita manyazi. Ndinenenso chimene mwina simukufuna kumva: mawu a mtsikana woyembekezera si mawu a mayi amene wanyamula mwana wake ndi kumuyamwitsa. Angathe kusintha maganizo, ndipo khoti lisanagamule, mwanayo ndi wake. Ine ndimaona kuti ndi bwino kumupatsa masabata angapo ali ndi mwanayo, akuyamwitsa, asananene mawu omaliza. Akadzanenabe chimodzimodzi, mudzalera mwanayo mtima uli m'malo.

Samalani ndi ndalama. Lamulo la 1949 lija limaletsa kulandira malipiro kapena mphatso chifukwa chopereka mwana pokhapokha khoti litaloleza, ndipo woweruza amafuna kutsimikiza kuti palibe chimene chaperekedwa. Ndikumvetsa kuti simungamuyang'ane mtsikanayo akusowa chitenje, beseni kapena ya minibasi yopitira kusikelo. Koma lonjezo loti "ukatipatsa mwana tikulipirira fizi" kapena "tikukhomerani malata" limamveka ngati mtengo. Chilichonse chimene mwathandiza, uzani a Social Welfare poyera ndipo chilembedwe.

Kayendedwe kake ndi kotere. Pitani ku ofesi ya District Social Welfare panopa, mwana asanabadwe. Akabadwa, alembetsedwe ku NRB, ofesi ya boma yolemba anthu m'kaundula, m'dzina la mayi womubereka. A Social Welfare angathe kukonza zoti mumusunge kaye ngati olera ongoyembekezera, njira imene ili m'lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Kenako loya amakulemberani pempho lopita kukhoti. Ngati thumba silikulola, kafunseni ku Legal Aid Bureau. Khoti limasankha munthu woimira zofuna za mwanayo, amene amatchedwa guardian ad litem ndipo kawirikawiri amakhala ofisala wa Social Welfare. Iyeyu adzabwera kunyumba kwanu, adzafunsa za kapezedwe kanu, za umoyo wanu ndi za banja lanu, adzalankhula ndi akuchikazi ndi akuchimuna a mwanayo, kenako n'kulemba lipoti. Mafunso ena adzakupwetekani, makamaka okhudza kusabereka. Ayankheni moona.

Woweruza angapereke chigamulo chomaliza, kapena choyembekezera cha nthawi yosapitirira zaka ziwiri kuti aone mmene mukulerera. Pa David Banda, mwana wina amene Madonna anamutenga, mu 2006 khoti linayamba ndi chigamulo choyembekezera cha miyezi 18, chomaliza n'kudzabwera mu 2008. Chigamulo chomaliza chikatuluka, ufulu ndi udindo wa makolo omubereka zimatha n'kubwera kwa inu, ndipo mwanayo amalembedwa m'kaundula wa ana otengedwa mwalamulo.

Pepala limeneli mudzaliona phindu lake pokamutengera pasipoti, koma makamaka inu mukadzamwalira. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawerenga mwana wotengedwa mwalamulo ngati mwana weniweni wa malemu. Mwana wongoleredwa ndi amene achibale amamukumbutsa pa tsiku la sadaka kuti kwawo ndi kwina. Ngakhale mutakhala ndi chigamulo cha khoti, lembani wilo ndipo mumutchule dzina.

Popeza mtsikanayo ndi wa kumudzi kwa amuna anu, mwanayo adzakumana ndi mayi womubereka pa maukwati ndi pa maliro, mufune musafune. Khalani pansi ndi amuna anu mugwirizane kuti mudzamuuza liti komanso motani, asanadzamve kwa msuweni wake pa chitsime.